Inshuwalansi ya wokolopa

Alamu anga amaliza nyumba yawo pa Chitakale, yomwe adayamba kumanga namondwe Freddy atagwetsa yakale mu Marichi 2023. Amisiri adapita, koma adasiya simenti pa matailosi, penti pa magalasi, ndi misomali yokwana kutsegulira hadiweya.

Ndiye kudabwera anyamata atatu okolopa, atanyamula ndowa, makwerero ndi botolo la asidi lopanda dzina. Wamkulu wawo adati iwo ndi "kampani". Alamu adafunsa za mapepala a kampaniyo ndi inshuwalansi. Mnyamata uja adayang'ana kuphiri, ngati kuti mapepalawo adawaiwala pa Sapitwa, nati: "Bwana, ife inshuwalansi yathu ndi Mulungu."

Limenelo ndi yankho labwino kutchalitchi. Koma lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito, Workers' Compensation Act ya 2000, limafuna wolemba ntchito wooneka ndi maso. Munthu akagwa pa makwerero nathyoka mwendo, pomwe "kampani" yake yonse ili m'thumba la buluku, achibale ake sadzavutika kufufuza ofesi. Njira ya kunyumba kwanu akuidziwa.

Chodabwitsa n'chakuti womanga timamufunsa ngati adalembetsa ku bungwe loyang'anira za zomangamanga, ndipo galimoto sitiitulutsa popanda inshuwalansi poopa apolisi apamsewu. Wokolopa yekha timangomuyeza ndi moni wake.

Alamu adawalembabe ganyuyo, poti mtengo wake udali wa pachibale. Asidi uja wadya matailosi a pabalaza mawangamawanga. Alendo akafunsa, alamu amati ndi dizaini ya ku Joni.