Mphotho ya Mphunzitsi wa Mbiri Yakale Ipite kwa Yani?

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, aliyense kuno amasanduka woyendera sukulu. Pa depoti ya Mponela, pa msika wa ku Ntchisi boma, pa chigayo ndi pa bawo pomwe, aphunzitsi amaikidwa pa sikelo ngati mabelo a fodya. Tsiku lokumbukira aphunzitsi, 5 Okutobala, likayandikira, mkangano umabukanso: bwanji osathokoza mwapadera mphunzitsi wodziwa kuphunzitsa mbiri ya dziko lathu? Pamenepo tonse timavomereza. Phokoso limayamba pofunsa kuti wodziwayo ndi uti.

Ena akuti nkhaniyi njosavuta: werengani ana amene akhoza mayeso a MANEB, wochulutsayo ndiye katswiri. Anzawo akuti sikelo imeneyo njokondera. Mungafanizire bwanji mphunzitsi wa pa Robert Blake ku Kongwe, kumene kumapita ana ochita kusankhidwa, ndi wa pa CDSS ya kuseri kwa phiri, kumene ana amafika atatopa kale ndi mtunda, buku n'kumachita kulandirana? Apa achiwiriwa ali ndi mfundo, ndipo oyambawo akudziwa, kungoti safuna kugonja pagulu.

Palinso olumbirira mphunzitsi woloweza zaka. Akuti weniweni ndi amene atatsinzina amatchula 1891, 1915, 1953, 1959 ndi 1964 osapuma, n'kunena kuti apa Angerezi anatenga dziko, apa Chilembwe anaukira, apa chitaganya, apa magazi a pa 3 Malichi, apa ufulu. Aliyense ali ndi wake amene anamuphunzitsa kalekale, ndipo mbiri ya mphunzitsiyo imanenepa ikamayenda. Ku Madisi amati ankaphunzitsa wopanda buku. Ikafika ku Malomo, ndi choko chomwe sankachigwira. Pofika ku Nthondo, akuti ngakhale ana a kalasi yoyandikana ankakhoza pongomvera pa zenera. Ife timaseka, komabe taonani: munthu wa imvi akukumbukirabe mawu a mphunzitsi wake. Zimenezo sizichitika ndi mphunzitsi wamba.

Gulu lina, limene ife tapendekerako, likufunsa za mapiri athu omwewa. Akuti mwana amalongosola bwinobwino pangano la Versailles la 1919, koma mukamufunsa za Mvera amangodziwa kuti kuli asilikali. Sadziwa kuti mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoni kumeneko m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni, ndipo kuti Kongwe inatsatira mu 1894. Amaona nkhalango ya Ntchisi tsiku ndi tsiku osamva kuti makolo ake ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. Amadutsa pa Dzaleka, n'kumaganiza kuti pakhala othawa kwawo chiyambire, chonsecho msasawo unatsegulidwa mu 1994, ndipo m'nthawi ya Kamuzu pamalopo panali ndende ya omangidwa pa zifukwa za ndale. Otsutsa amati zimenezo sizibwera pa mayeso, mphunzitsi asataye nthawi. Mwina sizibweradi. Koma mwana amene wamva kuti mbiri inadutsa pa njira ya kumunda kwawo, za ku Versailles zomwe amazimvetsera ndi khutu lina.

Tisaiwale aja amati mbiri sidyetsa, mphotho ipite kwa a masamu ndi sayansi. Amanena motsindika, ndipo ana awo amawaletsa kusankha phunziroli akafika Fomu 3. Koma dikirani mlandu wa malire a munda kapena wa ufumu ufike pa bwalo. Omwewo ndi amene amaimirira n'kuyala mibadwo isanu, kuti gogo wakuti anachokera kwakuti, anabereka akuti, mtengo wakuti anabzala ndi ndani. Dzuwa limalowa asanamalize.

Achikulire ena amatikumbutsa kuti kuthokoza mphunzitsi pa ntchito yotere si chinthu chachilendo. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo, lotuluka mu 1933, linapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo ndi chikhalidwe cha mu Africa. Pambuyo pake analemba Mbiri ya Achewa, komanso za moyo wa Msyamboza, nyakwawa ya ku Chibanzi kwathu konkuno. Zambiri anazitola pokhala pansi ndi akuluakulu n'kumvetsera. Achinyamata akamva zimenezi amafunsa kuti nanga mabukuwo ali kuti, ndipo achikulirewo amaloza kwa mnzawo amene anabwereka osabweza.

Kwatsala za mphotho yeniyeniyo. Ena akuti satifiketi yokhoma pa khoma njokwanira, ulemu ndiwo waukulu. Akazi a aphunzitsi akuti ulemuwo ubwere ndi malata a nyumba. A kabaza akuti njinga yamoto, poti akudziwa mmene misewu ya ku Kasakula imakhalira mvula ikagwa. Aphunzitsi eni ake, mukawafunsa pambali, amatchula mabuku ndi mapu, kenako galimoto ya tsiku limodzi yoti atengere kalasi yonse ku Mvera, ana akaone ndi maso awo pamene zinachitikira.