Chinangwa cha Makolo a ku Gujarat

Pa Belgrave Road, mumzinda wa Leicester ku England, pali lesitilanti ya banja lina la Amwenye yomwe ili ndi mabwana atatu. Agogo aamuna ndiwo anaiyambitsa, mwana wawo amasunga mabuku a ndalama, mdzukulu ali ndi foni. Agogo aakazi sawerengedwa pa mabwanawo, koma makiyi a kabati ya zokometsera amakhala m'chiuno mwawo, ndiye mudziwa nokha mwini mudzi.

Banjali ndi la Chihindu ndipo silidya nyama. Makolo awo anachokera ku Gujarat, koma agogo aamunawo anabadwira ku Nyasaland. Anali ndi sitolo kumudzi mpaka m'zaka za m'ma 1970, pomwe boma la Kamuzu linalamula Amwenye kuchoka kumidzi kuti azikachitira malonda m'tauni. Anakhalako pang'ono ku Limbe, kenaka ulendo wa ku Leicester. Kumeneko anapeza anzawo amene Idi Amin anawapirikitsa ku Uganda mu 1972 atayamba kale kukazinga samusa. Chaka chimenecho khonsolo ya Leicester inaika chilengezo m'nyuzipepala ya Uganda Argus chouza Amwenye kuti asabwere, malo adzaza. Agogo amati chilengezocho chinathandiza kwambiri, chifukwa anthu anadziwirapo kalembedwe ka dzina la mzindawo.

Mkangano waukulu unabuka tsiku lomwe mdzukulu anafuna kufupikitsa menyu.

"Agogo, chinangwa chokazingachi chichoke. Chikudya mafuta ambiri."

Agogo aamuna anamenya tebulo. "Iwe mwana! Ukufuna kuchotsa chakudya cha makolo athu?"

Mawu a agogo aakazi anamveka kuchokera kukhitchini: "Makolo ake ati? Amayi anu chinangwa anachionera ku Nyasaland. Inu munaphunzira kwa mayi uja ankagulitsa pakhonde pa sitolo yathu, ndipo munkamunena kuti amachulutsa mchere."

Agogo anakhala chete, kenaka anakonza kolala ya shati. "Mayi amene uja nawonso ndi makolo."

Chinangwa chilipobe. Amachithira kambuzi amene amabwera m'zikwama za anamwino a ku Malawi akamachokera ku tchuthi, ndipo pamenyu mdzukulu analemba kuti ndi chinsinsi chakalekale cha banja.

Lachisanu usiku kumabwera azungu otuluka mu bala, ndipo onse nyimbo ndi imodzi: chicken tikka masala. Chakudyachi amati chinayambira ku Glasgow, pomwe kasitomala anadandaula kuti nkhuku yauma, wophika n'kuthiramo msuzi wa tomato wam'chitini. Mu 2001 nduna ya zakunja ya Britain, Robin Cook, inachitcha chakudya chenicheni cha dziko lawo. Mzungu wina ataumirira kwambiri, agogo anamuyankha mwaulemu wonse: "Bwana, nduna yanu inati chimenecho ndi chakudya cha kwanu. Kapempheni amayi anu akuphikireni."

Mwana wawo, amene amaona manambala usiku uliwonse, sanaseke. Anapempha kuti nkhuku ilowe, iziphikidwa mumphika wakewake kukona. Agogo aakazi anati palibe vuto, ingodikira tsiku limene iwo adzatuluke pakhomopo atawanyamula. Nkhuku idakali panja.

Kenaka kunabwera fashoni ya vegan, anthu osadya nyama, mazira ngakhale mkaka. Mdzukulu analumpha ndi chimwemwe, poti mphodza zomwe agogo ake akhala akuphika kuyambira ali mtsikana tsopano zinapeza dzina lokwera mtengo. Koma panali chopinga: ghee, mafuta a mkaka wa ng'ombe amene agogo amathira paliponse kupatula m'madzi akumwa. Atakangana sabata yathunthu anagwirizana kuti miphika ikhale iwiri. Wopanda ghee agogo amautcha wa odwala. Akamva kuti wina waitanitsa, amasuzumira pakhomo la khitchini kuti amuone, n'kupukusa mutu: "Mayo, mwana wamng'ono chonchi."

Nkhani ya Deliveroo, kampani yokaperekera anthu chakudya kunyumba, ndiye sinathe mpaka lero. Agogo atamva kuti kampaniyo imadulako gawo lake pa mbale iliyonse, anafunsa kuti mwini wake ndi wachibale wa ndani, poti sanamuonepo akusenda anyezi. Anyamata a njinga obwera kudzatenga chakudya sawalola kutuluka chimanjamanja. Mlendo ndi mlendo, ayambe wakhala pansi amwe tiyi. Chakudya chimafika chitazizira, ndipo kasitomala wina anawapatsa nyenyezi imodzi pa intaneti. Mdzukulu atawawerengera madandaulo ake, agogo anavala jekete. "Ndi mwana wa ndani ameneyu? Tiye tikaonane ndi bambo ake."

Ine pamenepa ndili mbali ya agogo. Munthu wodandaula azibwera yekha, nkhope ionekere.

Mdzukulu anagula sikelo kuti alembe maphikidwe a agogo ake asanaiwalike. Anawatsatira tsiku lonse ali ndi kope.

"Chitowe chochuluka bwanji, agogo?"

"Chokwanira."

"Pamoto mphindi zingati?"

"Mpaka chinunkhire."

"Chinunkhire bwanji?"

"Monga chimanunkhirira chikapsa bwino. Kodi kuyunivesite munkaphunzira chiyani?"

Kopelo lili ndi tsamba limodzi lolembedwa. Pasikelo pamakhala mphika wa maluwa.

Nyengo ya chikondwerero cha Diwali, msewu wonse utawala ndi nyali, kunafika mnyamata wachibale kuchokera ku Ahmedabad. Agogo anamukonzera thali yodzaza, mphodza zotsekemera pang'ono monga amakondera a ku Gujarat, chapati chopyapyala, achali, ndi chinangwa pambali. Anakhala moyang'anizana naye kudikira chiyamikiro cha munthu wochokera kuchimake. Mnyamatayo anadya mpaka kunyambita zala, n'kutulutsa foni kujambula.

"Agogo, zoterezi ndinazidya komaliza kwa malemu agogo anga kumudzi. Kwathu anzanga akuthamangira pizza ya paneer ndi dosa wothira tchizi. Nanga ichi choyerachi n'chiyani?"

Mdzukulu anatsokomola kuti abise chiseko. Agogo anayang'ana mlendoyo nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa akazi awo n'kulankhula m'Chichewa, chinenero chomwe awiriwo amasungira nkhani zosafuna ana.

"Mwamva? India wasochera. Tatsala ndife tokha."

"Ndife ndi chinangwa chathu," anatero agogo aakazi. "Muonjezereni, waonda."