Fury ndi Joshua: Olosera Agweratu Belu Lisanalire

Nkhonya ya Tyson Fury ndi Anthony Joshua yamenyedwa kale kambirimbiri: pometera tsitsi, pabawo, m'minibasi, ngakhale pamaliro anthu akatopa ndi nyimbo. Eni ake okha, zimphona ziwiri za ku Britain zija, ndiwo akuchedwa. Poti iwo akudikira, tiyeni timve kwa akatswiri athu amene sanavalepo magolovesi chibadwire.

*

Wometa wanga amakhulupirira masamu. Akuti mu 2023 Francis Ngannou wa ku Cameroon, munthu amene anali asanamenyepo nkhonya yolipidwa, anagwetsa Fury m'raundi yachitatu, ndipo Fury anapulumukira kwa majaji. Mu 2024 Ngannou yemweyo anakumana ndi Joshua, n'kugonekedwa m'raundi yachiwiri.

"Ndiye mwaona, bwana? Joshua basi. Apa mpaka kakyuleta?"

Ndinafuna kumukumbutsa kuti chaka chomwecho Daniel Dubois anamugwetsa Joshua kanayi ku Wembley n'kumumaliza m'raundi yachisanu. Koma lumo linali pakhosi panga.

"Joshua basi," ndinatero.

*

Amalume anga sakhulupirira masamu. Amakhulupirira mimba. Chikhulupiriro chawo chinayamba mu June 2019 ku New York, pamene Andy Ruiz, amene anangoitanidwa mochedwa kudzatseka mpata, analowa m'bwalo thupi lili wefuwefu ngati nsima ya kondoole. Joshua anali ataima potero, akatumba ali nganganga. Ruiz anamugwetsa kanayi n'kumulanda malamba onse m'raundi yachisanu ndi chiwiri.

Kuyambira tsikulo amalume sayenda pansi ngakhale popita kugolosale. Amasisita mimba n'kumati: "Chikomekome cha mkuyu, mphwanga. Nkhonya zimakhala muno. Fury ali nayo, Joshua alibe. Nkhani yatha."

Azakhali anangowamvera mpaka kumapeto. Kenako anawakumbutsa kuti pobwereza mu December chaka chomwecho, Ruiz anabwera atawonjezera makilogalamu pafupifupi 7, ndipo anathera maraundi onse 12 akuthamangitsa Joshua osamupeza. Atatero anachotsa mtanda wachitatu m'mbale ya amalume. "Kuti muteteze lamba," anatero.

*

Mkulu wina wa mpingo kwathu ndi wa Fury, ndipo umboni wake amautenga ku Los Angeles, mu December 2018. M'raundi yomaliza Deontay Wilder anamupatsa Fury zibakera ziwiri, munthu n'kugwa chagada, maso ali kudenga. Wilder anayamba kuvina. Ena anayamba kufunafuna nsapato kuti azipita. Lefali asanafike pa 10, Fury anadzuka ngati wakumbukira kuti wasiya mphika pamoto.

"Lazaro zinamutengera masiku anayi," anatero mkuluyo. "Uyu masekondi osakwana khumi. Munthu wotere mungamumenye bwanji?"

Wina anafunsa ngati Fury anapambana tsikulo. Ayi, majaji anati afanana mphamvu.

"Kuuka kokha n'kokwanira," anayankha. "Zinazo n'za dziko."

*

Mnzanga wina wa pabawo akuti Fury apambana ndithu, ngakhale Joshua atapanda kubwera. Mu 2009, akumenyana ndi Lee Swaby, Fury anaponya chibakera chochokera pansi, chinaphonya mdani n'kubwerera kudzatera pankhope pake pomwe. Kanema wake alipobe pa intaneti.

Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sanatiuze kuti ngakhale zako zomwe. Mnzangayo akuti Joshua asadzivutitse: angoima pakona n'kudikira. Fury akamenya Joshua, wapambana Fury. Akadzimenya yekha n'kugwa, wogwetsayo ndi Fury yemweyo.

*

Mu 2021 zinthu zinafika pokoma. Tsiku linatchulidwa: 14 August, ku Saudi Arabia. Malamba onse anayi a gulu la zimphona anali oti akhala patebulo limodzi. Neba wanga anayamba kunenepetsa tambala woti tidzadye usiku wa nkhonyawo.

Kenako woweruza mkangano wina ku America anawerenga mapepala n'kugamula kuti Fury ali ndi ngongole ya nkhonya yachitatu ndi Wilder. Basi, zonse zinathera pomwepo. Munthu wa jekete, wopanda ngakhale katumba mmodzi, anagwetsa zimphona ziwiri ndi cholembera. Mwezi wa September Joshua analuza malamba ake, ndipo tambala uja anapitiriza kutidzutsa m'mawa kwa zaka zina ziwiri. Mwa onse amene anakonzekera nkhonya imeneyi, iye yekha ndiye anapindula.

*

Vuto lina n'lakuti kuti ulosere, uyambe wadziwa ngati Fury ali pantchito sabata imeneyo. Mu April 2022, atagwetsa Dillian Whyte ku Wembley, anati wapuma. December yemweyo anali m'bwalo akukuntha Derek Chisora. Mu January 2025 anatsanzikanso.

Mayi wina wa kuofesi kwathu, amene amatolera ndalama za mphatso munthu akamapuma pantchito, anamva nkhaniyi n'kugwira kukamwa.

"Akanakhala wa pano," anatero, "bwenzi ali ndi mawotchi apakhoma asanu ndi mabulangete khumi. Ine kachitatu sindisonkha."

*

Tsiku lina tonse tinakumana pakhonde, mkangano uli pachimake. Mdzukulu wa amalume, mwana wa sitandade 5, anali pambali akusenda nzimbe.

"Agogo, Joshuayo anayamba waluzapo kwa Usyk?"

"Kawiri. Mu 2021 ndi mu 2022. Kachiwiriko mpaka anatola malamba n'kuwaponya kunja kwa bwalo chifukwa cha mkwiyo."

"Nanga Fury?"

"Nayenso kawiri, zonse mu 2024."

"Usykyo ndi wamkulu kuposa iwo?"

"Iyayi. Ndi wa ku Ukraine, ndipo anachokera ku gulu la opepuka. Akaima pafupi ndi Fury amaoneka ngati wabwera kudzapempha chithunzi."

Mwana anatafuna nzimbe kwa kanthawi, n'kulavula chikatsi.

"Ndiye inu mukukanganirana za nambala 2?"

Amalume anamutuma kukagula machesi, ngakhale kuti bokosi linali m'thumba mwawo.

*

Mwina mukufuna kumva kulosera kwanga. Kumbukirani kuti mu 1990 ku Tokyo obetcha ankati Buster Douglas alibe chake, mwayi wake unali 42 kwa 1, koma Mike Tyson anathera pansi akukwawa kufunafuna chotetezera mano. Pa nkhonya za zimphona chibakera chimodzi chimafufuta masamu onse.

Choncho ine ndinasankha kale, ndipo sindisintha. Lachisanu lililonse, pampando wa wometa, ndine wa Joshua. Lamlungu masana, kwa amalume, mbale ya nkhuku ikamazungulira, ndine wa Fury mpaka imfa.