Pusi Anagwa Chagada Akusaka Dzina pa Foni

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndili mwana ndinkayesa mwambiwu ukunena apusi a m'phiri la Mchinji, aja otithera chimanga m'minda. Sindinkadziwa kuti tsiku lina pusiyo ndidzamuona ndi maso angawa, atavala jekete, atakhala pakhonde kwa mlongo wanga cha ku Kamwendo, foni ili m'manja, akulumpha kuchoka pa dzina ili kukagwira dzina ilo. Pusiyo ndi mlamu wanga. Ndikunena izi mwaulemu wonse, poti njinga yamoto imene ndimayendera ndi yawo.

Mlongo wangayo anabereka mwana wamkazi, wachisamba. Kale nkhani yotere sinkagonetsa anthu ndi njala. Mayi ndi khanda ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, kenako wamkulu wina ankalandira mwanayo m'manja, n'kumuyang'ana kumaso, n'kutchula dzina, n'kusiyapo kangachepe. Nkhani yatha. Dzinalo silinkachokeranso patali, linkachokera pa zimene zili kukhosi. Chaka cha njala chinkabala a Mavuto ndi a Masautso. Pakhomo pamene maliro a ana achuluka pankatuluka a Tiferanji. Mayi amene watopa ndi miseche ya abale a mwamuna wake sankavutika n'kupita kubwalo kwa amfumu. Ankangotcha mwana kuti Mwandida, ndiye madzulo alionse n'kuima pabwalo n'kukuwa kuti, "Mwandida iwe, nsima ikuzizira!" Mudzi wonse unkamva, mwini nkhani ankadzidziwa, koma mlandu panalibe. Mungamuzenge bwanji munthu amene akuitana mwana wake? Masiku ano ntchito imeneyi timaigwira ndi sitetasi ya pa WhatsApp, imene imafufutika pakatha maola 24. Sitetasi ya makolo inkayenda ndi miyendo iwiri kwa zaka 70, inkakwatiwa, n'kudzakhala ndi zidzukulu.

Alamu anga zoterezi sanazifune. Lamulo lawo linali limodzi: dzina likhale losowa.

"Alamu, munapitako kusikelo inu?" anandifunsa. "Akaitana Chisomo, imadzuka benchi yonse. Akaitana Favour, imadzuka benchi inayo. Wanga akadzaitanidwa, amake adzadzuke okha."

Anatapa pa ndalama ya soya, anagula bandulo ya intaneti, n'kukwera mumtengo.

Nthambi yoyamba inali Nevaeh. Foni inawauza kuti dzinali linatchuka ku America chitangodutsa chaka cha 2000, ndipo ndi liwu la Chingerezi lotanthauza kumwamba, kungoti amaliwerenga chobwerera m'mbuyo. Alamu anamwetulira ngati apeza golide. Ine, monga atsibweni a mwana, ndinati ngati luso lake ndi lomweli sitikusowa kubwereka kwa eni, titenge Kumwamba wathu yemweyu timutembenuze. Tinalemba pansi ndi kamtengo, panatuluka Abmawmuk. Mlongo wanga analiyesa kawiri, mwana n'kuyamba kulira. Tinalisiya pomwepo, nkhuku n'kulipalasa.

Nthambi yachiwiri anaigwedeza ndi azakhali a mwanayo, amene ali ku Joni. Anatumiza uthenga wa mawu wotalika ngati ulaliki wa pamaliro, mfundo yake inali imodzi: mwanayo ndi Zendaya, ngati mtsikana wa mafilimu wa ku America uja, ndipo zovala zolembedwa dzinalo agula kale, zikubwera pabasi. Chimene azakhali sanafufuze n'chakuti dzina limeneli linachokera ku liwu la Chishona lakuti Tendai, lomwe kwathu kuno tingati thokozani. Linanyamuka kwa anansi athu a ku Zimbabwe, linawoloka nyanja, kumeneko analidula apa n'kulisoka apo, lero likubwerera ngati kaunjika, mtengo utakwera. Tsiku lomwelo amayi a alamu anga, amene amakhala kutsidya kwa Mwami, m'dziko la Angoni a Mpezeni, anatuma mnyamata wa kabaza kudzanena kuti mwanayo ndi Mngoni, ndipo dzina lake ndi Thokozile. Mlongo wanga naye, mwini zowawa za pobereka, anali atanong'oneza kale kuti iye mumtima mwake amafuna Tiyamike, koma palibe anamumva. Ndiye taonani: anthu a m'maiko atatu anakwiyirana masiku atatu, ena mpaka kutuluka m'gulu la banja la pa WhatsApp, pomwe onsewo amanena chinthu chimodzi, chakuti zikomo.

Nditawaunikira zimenezi, alamu anandiyankha kuti, "Inu simukumvetsa. Dzina la Chichewa silikwera ndege."

Apa ndinayamba ndawakumbutsa kuti boma lathu lomweli linayesapo dzina lachizungu. Linkatchedwa Fort Manning, kutengera msilikali wa ku Britain, William Manning, m'nthawi imene azungu anathira nkhondo Angoni a Mpezeni mu 1898. Kutsidyako Chipata ankatchedwa Fort Jameson. Onse awiri anavula mayina obwerekawo, ndipo sindinamvepo kuti lole ya mtedza yasochera chifukwa chikwangwani chalembedwa Mchinji.

Koma za ndegezo ndinali ndi umboni woposa pamenepo. Mu 2017 woimba wa ku America, Madonna, anatenga ana amapasa ku Home of Hope konkuno ku Mchinji, kumene anatengakonso mwana wamwamuna mu 2006. Mayina a atsikanawo anali Stella ndi Estere. Atolankhani akunja anapunthwa pa Estere, ambiri n'kumalemba Esther. Kwa iwo linali dzina lachilendo, losowa, lofunika kulifotokozera. Kwathu kuno Estere ndi mayi aja a Mvano amene amayambitsa nyimbo mokweza kwambiri mpaka anzawo kulephera kufikapo. Mukatsegula Buku Lopatulika mumamupeza ali phee pakati pa Nehemiya ndi Yobu, mtsikana wachiyuda amene anakhala mfumukazi ku Perisiya. Nayenso, tisaiwale, anali ndi dzina lakwawo, Hadasa, koma lotchuka ndi lakwa eni. Akatswiri ambiri amati Estere limachokera ku liwu la Chiperisiya lotanthauza nyenyezi. Stella nalo ndi nyenyezi m'Chilatini. Amapasa aja anakwera ndege ali nyenyezi ziwiri, ina ya ku Roma, ina ya ku Perisiya, zonse zochokera ku Mchinji.

Ndinalakwa kunena zimenezi. Ndimafuna kuwatsitsa mumtengo, koma ndinangowaonetsa nthambi zina ziwiri. Tsopano dzanja lamanja linagwira Zendaya, lamanzere Thokozile poopa amayi awo, mwendo uwu Stella, mwendo uwo Estere. Unatsala mchira wokha.

Nthawi yonseyi agogo athu anali pamphasa akuswa mtedza, osayankhula kanthu. Atamva za nyenyezi anaimika manja.

"Kodi inu abambo a mwana, mukuvutikiranji ndi nyenyezi za eni? Mwanayu anabadwa m'bandakucha. Ine ndinatuluka panja kudikira uthenga, nthanda ili pamwamba pa mtengo wa mango uwo. Osangoti Nthanda bwanji?"

Panakhala chete, kupatula mbuzi.

Ana a masiku ano ambiri nthanda sayidziwa, chifukwa ikamatuluka amakhala atangogona kumene, foni ili pachifuwa. Ndi nyenyezi yowala kwambiri ija imene imaoneka kum'mawa tambala atalira, dzuwa lisanatuluke. Inali wotchi ya makolo. Wopita kumunda wakutali, wonyamula chimanga kupita kuchigayo, mkamwini wofuna kuonetsa apongozi kuti si waulesi, onsewa ankadzuka nayo. Asayansi amaitcha Venus, ndipo amati si nyenyezi n'komwe, ndi dziko lina lozungulira dzuwa ngati lathuli, lachiwiri kuchokera kudzuwako, lopanda kuwala kwakekwake, longobwezera kwa dzuwa. Kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 400, kotero amene amadandaula za Okutobala wa ku Mchinji angokhala chete. Anyanja akale anali ndi nthano yakuti mwezi ndi wamitala, akazi ake ndi nyenyezi ya m'mawa ndi ya madzulo. Mkazi wa kum'mawa, Chekechani, amaumana chakudya mpaka kuwonda, pomwe wa kumadzulo, Puikani, amaudyetsa mpaka kunenepa. Asayansi omwe aja anadzapeza kuti nyenyezi ya m'mawa ndi ya madzulo ndi chinthu chimodzi. Mwezi wakhala ukudandaula za mkazi wamkulu kwa mkazi wamng'ono zaka zonsezi, osadziwa kuti ukuuza mwini wake.

Kunena za kusowa, apa ndiye panali posowa penipeni. Ine ndayenda m'misika kuyambira ku Mkanda mpaka ku Waliranji, ndadya maukwati ku Kapiri ndi ku Ludzi, koma a Nthanda amene ndakumana nawo sakwana zala za dzanja limodzi. A Precious ndi a Princess ndiye ndasiya kuwerenga. Tafika poti dzina lachizungu ndi limene lili wamba ngati bonya, ndipo la agogo ndi limene lili ngati nyama ya pa Khirisimasi. Alamu analilemba pa foni kuti aone tanthauzo. Foni inalikonza yokha n'kulemba Amanda. Analembanso, inabwerezanso Amanda.

"Ngakhale foni sikulidziwa," anatero motsitsa mawu, maso akuwala. Mchira unagwira nthambi yachisanu.

Munthu wanzeru akanatsikira pomwepo. Koma kusiya Zendaya kunali kutaya zovala za ku Joni, kusiya Thokozile kunali kuyamba nkhondo ina ya Angoni, ndipo Stella ndi Estere anali atakwera kale ndege. Alamu anagamula kuti mwana atenga onse asanu. Tiyamike wa mlongo wanga sanalowe n'komwe pamndandanda.

Tsiku lolembetsa mwana linafika. Mzere unali wautali, dzuwa lili pamutu, ndipo mlembi amene anali pa tebulo anali ataona makanda ambiri kuposa chakudya tsiku limenelo. Alamu anaima mowongoka ngati akulakatula pa tsiku lotsekera sukulu.

"Zendaya Thokozile Stella Estere Nthanda."

Mlembi sanadzutse mutu. "Bambo, malo olembapo ndi awa mukuwaonawa. Nenani limodzi."

Alamu anapisa m'thumba kuti afunse gulu la banja. Foni inali itazima, moto unathera kwa Amanda. Anayang'ana mlongo wanga, mlongo wanga anayang'ana kumbali, monga munthu amene maganizo ake sanafunsidwe kuyambira pachiyambi. Kumbuyo azimayi anayamba kung'ung'udza, wina n'kunena mokweza kuti ena tasiya nyemba pamoto. Alamu anameza malovu, n'kutulutsa dzina lomaliza lija ndi mawu a munthu amene nthambi yamuthyokera. Mlembi analemba zimene anamva, anadinda chidindo, n'kuitana wotsatira.

Tinadzatsegula kabukuko titafika kunyumba. Munalembedwa bwinobwino, ndi zilembo zikuluzikulu: MTANDA.

Azakhali a ku Joni anatulukanso m'gulu. Achibale athu achikatolika anati palibe cholakwika, mtanda ndi wa Ambuye. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti iwo mtanda umene akuudziwa ndi wa nsima, ndipo mwana wotchedwa choncho sadzagona ndi njala. Alamu akuti akadzagulitsa soya wa chaka chino adzapita kukakonzetsa, koma mudzi sudikira soya. Ana a pamudzi ayamba kale kuitana mlongo wanga kuti amake Mtanda, ndipo alamu anga, amene anawononga mabandulo anayi kusaka dzina la ku America, pamsika wa Kamwendo akudziwika kuti abambo a Mtanda.

Mwezi wathawu ndinawaperekeza kusikelo pa njinga yamoto ija. Anaitana Chisomo, inadzuka benchi yonse. Anaitana Favour, inadzuka inayo. Ataitana Mtanda, anadzuka mlongo wanga yekha.