Galimoto yamamiliyoni yogona pamame

Ogulitsa magalimoto amagetsi sanama akamati mulibe petulo, mulibe oyilo wa injini, mulibe utsi. Amangotsitsa mawu akafika pa nkhani ya batire. Limeneli likayamba kudwaladwala, galimoto imapuma pantchito ndipo mwiniwake ndiye amalowa ganyu yoidwazika.

Eni ake a Chevrolet Bolt ku America ganyuyi akuidziwa bwino. Mu Novembala 2020 kampani ya General Motors idaitanitsa magalimotowa chifukwa ena ankangobuka moto ali chiimire. Adawakonza posintha pulogalamu ya kompyuta ya m'galimotomo, koma ena mwa okonzedwawo adapsabe. Adawaitananso mu Julayi 2021, ndipo pofika Ogasiti kampani idangoti bwerani nonse, magalimoto oposa 140,000. Podikira mabatire atsopano, eni ake adalandira malamulo. Musatchaje kupyola 90 peresenti. Musayende mpaka kutsala ndi moto wa makilomita ochepera 113. Musaisiye ikutchaja m'nyumba usiku. Mukatha kutchaja, kaimikeni panja. Munthu wamanga galaja yokongola, koma m'menemo mukugona njinga ndi wilibala, galimoto yatsopano ili pamame. Mu Seputembala padadzanso lamulo lina: pamalo oimikapo magalimoto ambiri, yanuyo izikhala mamita 15 kutali ndi zinzake, ngati mkamwini amene wakumana ndi apongozi panjira. Gwero la zonsezi lidali tizinthu tiwiri ta m'kati mwa batire, kena kong'ambika kena kopindika, tikapezeka malo amodzi. Kampani ya LG ya ku South Korea, imene idapanga mabatirewo, idavomera kulipira mpaka madola 1.9 biliyoni chifukwa cha tizinthu timeneti.

Koma batire limene limachititsa manyazi kwambiri ndi laling'ono. Galimoto yamagetsi ili ndi mabatire awiri. Lalikulu limagona kunsi kwa mipando, lolemera makilogalamu mazanamazana. Ndiye pali kena ka mavoti 12, komwe kaja timakadziwa m'magalimoto a petulo. Ntchito yake n'kudzutsa kompyuta kuti ilumikize lalikulu lija. Kakangofa, galimoto yodzaza moto thothotho imangokuyang'anani, ngakhale chitseko sichimvera rimoti. Zoterezi zidavuta eni ake a Hyundai Ioniq 5 ndi Kia EV6, pamene kachipangizo kotchaja kabatireka kankawonongeka. Ku America adawaitanitsa mu Malichi 2024, n'kuwaitanitsanso mu Novembala chaka chomwecho, ndipo amene adakonzetsa ulendo woyamba adauzidwa kuti nawonso abwerere. Ine chimandikomera ndi cham'mawa mwake. Bambo amene dzulo amalalikira mtaa wonse za kuipa kwa utsi, lero akugogoda kwa neba wa chigalimoto chakale chadizilo, mawaya ali m'manja, kupempha moto. Nebayo sakana. Amangoponda mafuta kaye kawiri katatu kuti utsi ufike pamene ukufunika.

Musaganize zoitana anyamata a pasiteji kuti akankhe. Galimoto imeneyi ilibe klatchi yoti mudumphitse. Adzakankha kuchokera ku Limbe mpaka ku Ginnery Corner, thukuta kamukamu, ndipo chimene chidzalire ndi thumba lanu powalipira.

Nissan Leaf, imene idatuluka mu 2010, ili ndi ulemu wake pokuuzani zoipa. Moto ukatsala pang'ono kutheratu, kutsogolo kwa woyendetsa kumayaka kanyali kojambulidwa kamba, ndipo galimoto imayambadi kuyenda mwaukamba. Amene adasankha chithunzi chimenechi ndimamuvulira chipewa. Palinso timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, ndipo timachoka kamodzikamodzi likamakalamba. Batire la Leaf yakale lilibe madzi oliziziritsa, choncho kutentha kumalikalambitsa msanga. Mu 2012 eni ake a ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona, adaona timizere tikuthothoka galimoto isanathe n'komwe zaka ziwiri, mpaka nkhani idakafika kukhoti. Choncho amene mukusirira Leaf yakaunjika yochokera ku Japan, muli ndi maganizo okaiyendetsa ku Nsanje mu Okutobala, musayambe n'kufunsa za utoto ndi wailesi. Werengani timizere.

Kuzizira nako sikusiya. Mu Januwale 2024 ku Chicago kudazizira kupyola madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo magalimoto a Tesla adaunjikana pamalo otchajira. Batire lozizira limayamba ladziwotha kaye lisanalandire moto, ndiye magalimoto ena adafera pamzere, n'kuchoka atabelekedwa pa lole. Kutentha ayi, kuzizira ayi. Chinthuchi chimafuna nyengo ya ku Dedza chakumasana.

Ndiye tiyerekeze kuti mwatopa, mwaikokera kwa makaniko wanu wa pansi pa mtengo wa mango, amene sadalepherepo galimoto chibadwire. Watsegula boneti. Wayang'ana. Wavula kapusi, wakanda mutu.

"Bwana, pepani kwambiri. Injini akuberani."

"Ayi amisiri, ndi mmene idabwerera. Ndi yamagetsi."

"Oho! Nanga ikumveka bwanji ikamalira?"

"Siilira."

"Ndiye mwadziwa bwanji kuti yafa?"

Mwafotokoza zonse. Iye wazungulira kumbuyo kufuna paipi ya utsi, sadaipeze. Wagwada, wasuzumira kunsi, waona mawaya onenepa a mtundu wa lalanje, wadzuka msangamsanga n'kudzisansa fumbi.

"Kukonza tikonza, bwana. Koma awa a lalanjewa agwire ndinu. Ine ana anga akadali ku pulayimale."

Musamuseke, wanzeru ndi iyeyo. M'mawaya amenewo mumadutsa mavoti pafupifupi 400, m'magalimoto ena mpaka 800, ndipo amawapaka mtundu umenewo dala kuti sipanala isayandikire.

Onsewa ndi anthu opirira. Ku Finland kudapezeka bambo wina amene kupirira kudamuthera. Adagula Tesla Model S yakale, ya 2013, ndipo makilomita 1,500 oyamba zonse zidali myaa. Kenako mauthenga a zovuta adayamba kubwera motsatizana. Galimoto idakagona kugalaja pafupifupi mwezi, ndipo yankho lidabwera loti batire lonse lisinthidwe, mtengo wake mayuro 20,000 kapena kuposa. Bamboyo sadakangane ndi munthu. Chakumapeto kwa 2021 adaitengera kumalo oswera miyala m'mudzi wa Jaala, n'kuitana akatswiri a zophulitsa. Adaimangirira mabomba oswera miyala olemera makilogalamu 30. Helikoputa idabweretsa chidole cha nkhope ya Elon Musk, mkulu wa kampani ya Tesla, ndipo adachikhazika pampando wa dalaivala. Anthu adabisala, bamboyo adadina batani, phuu! Zidutswa zidachita kutoleredwa m'chipale chofewa, ndipo anthu mamiliyoni adaonera pa YouTube. Koma poopa ngozi, batire lija, mwini mlandu wonse, adali atalichotsamo kale. Chidafa ndi chidole, mipando ndi zitseko. Ilo silidakandike n'komwe.