Moto unatulukira ku kabyuleta

Malume anga atamwalira anasiya Land Rover pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Limbuli. Ndi Series IIA, mtundu umene unkapangidwa ku England kuyambira 1961 mpaka 1971, yoyendera petulo, ya masilinda anayi, injini ya malita 2.25. Malumewo anali dalaivala pa esiteti ina ya tiyi, ndipo anaigula galimotoyo eni ake atatopa nayo. Inayenda zaka zambiri kenako inayamba kufuka utsi, kumwa oyilo, mpaka inagona.

Aliyense wodziwa msika wa Limbuli amadziwa kuti wokhala ndi galimoto yolimba sagona ndi njala. Chimanga ndi nandolo zimabwera kuchokera mbali ya Milange kudzera ku Muloza, ndipo ukangochoka pa msewu wa M2 kulowera kumidzi nthawi ya dzinja, matope ake ndi aja amene tigalimoto tamakono timawaopa. Ndinaganiza zoidzutsa. Ine ntchito yanga ndi yokonza injini za zigayo, ndipo ndimaidziwa bwino. Koma injini za zigayo ndi za dizilo. Zilibe mapulagi, zilibe koyilo, zilibe distibyuta. Zimenezi ndinazipeputsa, ndinati injini ndi injini basi.

Ndinaiphwasula yonse. Buloko ndinapita nayo ku Limbe kukaboola masilinda, ndinagula mapisitoni, maring'i, mabering'i ndi magasiketi, ndalama zina zochita kubwereka kwa achemwali anga. Mwana wawo, mphwanga wa Fomu 3, ndiye anali wondithandiza akaweruka kusukulu. Ankatsuka mabawuti m'beseni la palafini n'kumawayala pa thumba malinga ndi kumene achokera. Ntchito yomanga inayenda bwino. Tcheni ndinaika pa zizindikiro zake, matapeti ndinawapatsa mpata wake wa 0.25 mm, ndipo ndikapukusa ndi handulo injini inkazungulira mosalala.

Panatsala kagiya kena kamene kamatsika choimirira m'buloko, kukalumana ndi kamshafuti. Kagiya kameneka kamayendetsa pampu ya oyilo kunsi, kumwamba n'kumayendetsa distibyuta. Mkati mwake muli mizere, umodzi wokulirapo, ndipo lamulo lake ndi lakuti mzere waukuluwo uloze silinda yoyamba, ya kufupi ndi radiyeta, pisitoni yake ili pamwamba penipeni. Mano ake ndi opendekera, choncho kamapotoka pang'ono pamene kakutsika, ndipo umayenera kukayambira kumbuyo kuti kakafike pamalo pake. Izi ndinazichita mosamala kwambiri, kuzula ndi kubwezera mpaka mzere unaloza bwinobwino. Ndinayang'ana chizindikiro pa fulayiwilo, chinali pa muvi. Ndinalowetsa waya m'bowo la pulagi, pisitoni inali pamwamba. Ndinamanga kasikulu kogwira giyayo, kamene kamabisika kuseri kwa fyuluta ya oyilo, n'kutseka. Distibyuta nayo inalowa bwino, chifukwa kampata kake sikali pakati penipeni, imalowa njira imodzi yokha. Chimenechi ndi chimene chinandilimbitsa mtima kuti sindingalakwitse. Mawaya ndinalumikiza 1, 3, 4, 2, motsatira mmene rota imazungulirira, mosemphana ndi mivi ya wotchi.

Tsiku loliza, anthu oyandikana nafe anabwera kudzaonerera. Sitata inazungulira, injini osagwira. Inkangoti phu! phu! mwa apo ndi apo, kenako zii. Batire linatha, tinakalitchajitsa kumsika. M'masiku otsatira ndinaimba mlandu chilichonse. Ndinasintha mapointi, ndinagula kondensa, ndinabwereka koyilo. Ndinataya petulo wa m'chigubu amene ndinagula kwa mavenda poganiza kuti ndi wosakaniza, ndinakagula wina. Ndikagunditsa pulagi pa buloko, moto unkaoneka wabuluu, wamphamvu. Mafuta ankafika. Ndikatseka mabowo mphamvu ya mapisitoni inalipo. Zonse zitatu zimene injini imafuna zinalipo, koma osalira, ndipo mutu unaima.

Madzulo ena ndinachotsa paipi ya chosefera mpweya, kukamwa kwa kabyuleta kunakhala poyera. Ndinathira petulo m'kachitini n'kumupatsa mphwanga uja.

"Ine ndikamaliza, iwe uzidonthezera pang'onopang'ono umu."

"Malume, sizipsa zimenezi?"

"Thira iwe, ndakhala ndikuona amakaniko akuchita."

Ndinakhala pa chiwongolero, boneti ili yotsegula, iye sindikumuona. Ndinaliza. Kunamveka kuphulika, lawi linatuluka mu kabyuleta kukwera m'mwamba, linagwira kachitini kaja ndi dzanja lomwe. Mwanayo anakuwa, anaponya chitini, petulo woyaka anamwazikira pa mkono ndi pa udzu. Mayi wina woyandikana nafe anavula chitenje n'kumukulunga mkono, ine ndinaphimba injini ndi chiguduli, ena akuthira mchenga. Moto unazima msanga, koma khungu la kuseri kwa dzanja lake lamanja linali litatupa matuza mpaka pa mfundo. Tinamuthira madzi ozizira kwa nthawi ndithu, n'kumukweza pa njinga yamoto ya kabaza kupita kuchipatala. Njira yonse sanalire. Ankangondifunsa ngati galimoto yapsa.

Achemwali anga sanandikalipire. Anangoti, "Achimwene, mwanayu anakufunsani." Mawu amenewo ndimawamvabe. Mnyamatayo anakhala milungu ingapo osatha kugwira cholembera, mayeso a teremu ali pafupi.

Galimoto ndinaifunditsa lona, sindinafune kuionanso. Amene anandibweza ndi bambo ena achikulire amene anapuma ntchito ya umakaniko pa esiteti, anzawo a malemu malume. Anamva za ngoziyo kutchalitchi ndipo anabwera okha pa njinga yakapalasa. Atapepesa, anandiuza kuti ndivundukule lona. Sanafunse za koyilo kapena kondensa. Anamasula pulagi yoyamba, anatseka bowo ndi chala chachikulu, n'kundiuza kuti ndipukuse handulo pang'onopang'ono. Chizindikiro chinafika pa muvi, rota ikuloza waya woyamba.

"Mwana wanga, chala changa sichinamve kanthu. Pukusanso."

Ndinapukusanso kamodzi. Mpweya unawakankha chala, unachita kulira kuti fyii. Chizindikiro chinabwereranso pa muvi pompaja, koma tsopano rota inkaloza waya wachinayi.

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Kirankishafuti imazungulira kawiri kuti kamshafuti ndi distibyuta zizungulire kamodzi. Ndiye kuti pisitoni yoyamba imafika pamwamba kawiri, ndipo chizindikiro cha pa fulayiwilo chimaoneka chimodzimodzi maulendo onse awiri. Ulendo wina mavavu onse ndi otseka, mpweya ndi petulo zapanikizika, zikudikira moto. Ulendo winawo utsi ukumaliza kutuluka, vavu ya utsi ikutseka pamene ya mafuta yayamba kutseguka. Ine giya ija ndinaiika pa ulendo wachiwiriwu. Pulagi iliyonse inkathetheka pamene khomo la mafuta layamba kutseguka, ndipo moto unkabwerera m'mbuyo mpaka ku kabyuleta. Kuphulika kuja kwa phu! phu! kwa tsiku loyamba kunali kundiuza zomwezo. Chondipweteka n'chakuti nkhani ya maulendo awiriwa ndimaidziwa pa dizilo, ndipo pa chigayo sindimanga pampu ndisanayang'ane mavavu. Apa ndinakhulupirira chizindikiro ndi kampata ka distibyuta.

Anandichotsetsa chivundikiro cha mavavu kuti ndione ndi maso anga. Silinda yoyamba ikakhala pa nthawi yake ya moto, timikono take tonse tiwiri timagwedera ukatigwira, pamene ta silinda yachinayi timakhala tikusinthana, kena kakukwera kena kakutsika. Kenako anazula mawaya pa kapu n'kusuntha lililonse malo awiri. Anabwezeretsa paipi ya mpweya, anauza aliyense kuti aime patali. Ndinangokhudza sitata, injini inalira.

Sanailole kuti ilire nthawi yaitali. Anasolola chitsulo choyezera oyilo n'kundinunkhitsa, fungo la petulo lokhalokha. Mafuta onse amene ndinkathira osapsa aja ankatsuka makoma a masilinda atsopano n'kutsikira pansi. Tinakhetsa oyilo yense. Ananenanso kuti kusuntha mawaya n'kongoyesera, wodzagwira galimotoyi m'tsogolo adzasokonezeka. Choncho tinamasula fyuluta, tinatulutsa kasikulu kaja, tinazula giya n'kuibwezera chala chitamva mpweya. Pomaliza analumikiza kababu ka mavoti 12 ku mapointi, n'kumapotoza distibyuta pang'onopang'ono mpaka kababuko kanayaka pamene chizindikiro chili pa muvi. Ndalama anakana, anangolandira nthochi.

Land Rover ikuyenda tsopano, imanyamula matumba pakati pa midzi ndi msika, ndipo ngongole ya achemwali ndikubweza. Mphwanga anachira, zala zonse zimagwira, koma chipsera chilipo kuseri kwa dzanja ndipo chidzakhalapo.

Inu amene mukumanga injini ya petulo yakale, kaya ndi Land Rover, Peugeot 404 kapena Datsun, musanatsitse distibyuta kapena giya yake tsekani bowo la pulagi yoyamba ndi chala, mumve mpweya. Ikakana kulira n'kumaphulikira ku kabyuleta, siyani sitata, bwererani ku mavavu. Ndipo chonde, musamupatse mwana chitini cha petulo kuti aime nacho pa injini.