Muwauze Amayi Kuti Sindikuwala Usiku

Dunoon, Cape Town

Okondedwa achimwene,

 Ine kuno ndili gwa, kupatula mphepo yakunyanja imene ikufuna kundithothola makutu. Uthenga umene amayi anajambula pa foni yanu ndaumvera wonse, mphindi zisanu ndi ziwiri, mpaka pamene anasiya kulankhula nane n'kuyamba kukalipira nkhuku. Kalatayi muwawerengere modekha. Pamene ndanena kuti mudumphe, mudumphedi.

Choyamba muwauze kuti sindikuwala usiku. Amene anabweretsa nkhani yoti ndikugwira ntchito kufakitale ya mabomba ndikumudziwa, ndi mnzanga uja wonyamula katundu wa anthu, ndipo akabwera kuno tidzaonana. Ntchito yanga ikadali yomwe ija, kutchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa kwa azungu ena ku Melkbosstrand. Choona n'chakuti ukaima pagombe n'kuyang'ana kumpoto umaona zinyumba ziwiri zozungulira ngati nkhokwe za mlimi wa fodya. Pamenepo ndiye pa Koeberg, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Cape Town, malo okhawo mu Africa muno amene akupanga magetsi a nyukiliya. Anamanga ndi Afalansa; nkhokwe yoyamba inayamba ntchito mu 1984, inzake mu 1985. Eni ake ndi Eskom, dzina lofanana ndi la kampani yathu ya magetsi ija, kusiyana K ndi C basi.

Abwana anga anali injiniya asanapume, ndipo tsiku lina anandikhazika pansi kuti andifotokozere. Akuti m'kati mwa nkhokwezo muli timibulu ta yureniyamu, kalikonse kochepa ngati nsonga ya chala. Tinthu tosaoneka ta m'mibulumo tikamagawikana pamatuluka kutentha koopsa. Kutenthako kumatenthetsa madzi, madziwo amawiritsa madzi ena, nthunzi imazunguza makina, makinawo n'kutulutsa magetsi. Kenako madzi ozizira a m'nyanja ya Atlantic amaziziritsa nthunzi ija kuti ntchito iyambirenso. Achimwene, ndinakhumudwa. Sukulu yonse ija, mayunivesite ndi magalasi m'maso, mapeto ake kuwiritsa madzi, ntchito imene amayi akhala akugwira pa mafuwa atatu chibadwire chathu opanda setifiketi iliyonse.

Komabe ketulo yake si yamasewera. Nkhokwe ziwirizo zimatulutsa mamegawati oposa 1,800. Mukaphatikiza Nkula, Tedzani, Kapichira ndi masola onse a ku Salima, n'kuchulukitsa katatu, simunafikebe. Koma kuno amangoti ndi kachigawo kakang'ono, pafupifupi magawo asanu pa 100 alionse a magetsi a dziko lino. Ochuluka amachokera ku malasha.

Malashawo ndimawadziwa bwino. Mukumbukire kuti ndisanatsikire kuno ndinagwirako maganyu ku Emalahleni, tauni imene dzina lake lenilenilo limatanthauza kumalasha. Kumeneko ukayanika malaya oyera m'mawa, madzulo ukawanula atasanduka a mtundu wa bulu. Ukamina, mpango umada. Tonse tinkatsokomola ngati kwaya ikuyesa mawu, koma palibe anajambula uthenga wa mphindi zisanu ndi ziwiri. Utsi ndi m'bale wathu, tinakula nawo, ndiye sitiuopa. Lero ndabwera kumene kulibe chumuni chofuka, kumene m'tchire lozungulira mpanda wake mbidzi ndi ntchefu zikudya msipu, azungu akupalasa njinga Loweruka, ndiye pamene mudzi wonse wayamba kundisalira kudya.

Apa mudumphe. Sabata yanga yachiwiri pantchito, ndili pakati pothirira maluwa, kunalira sayirini. Si yamaliro, si ya ambulansi, koma kulira kolowa m'mafupa. Mutu wanga unathamangira ku Hiroshima wa m'buku la Fomu 3. Ndinaponya payipi, ndinalumpha mpanda umene masiku onse ndimauona wautali, ndinathamanga ndithu mpaka pamalo okwerera basi, nsapato ya jombo imodzi itatsala m'maluwa. Nditafika ndinapeza gogo wina wachizungu akuyendetsa kagalu kake mwachifatse, ana akunyambita ayisikilimu. Gogoyo anandiyang'ana kuphazi, kenako kumaso, n'kundiuza kuti akungoyesa. Pobwerera ndinapeza payipi yadzaza madzi pakhonde ndipo adona akuseka mpaka kugwira khoma. Anandionetsa kalendala imene ili pa firiji yawo, imene anthu okhala pafupi ndi Koeberg amalandira. Muli zonse: masiku oyesa masayirini, misewu yothawira, ndi za mapiritsi oteteza chithokomiro amene amagawidwa zinthu zikavuta. Ine kalendalayo ndinkangoonamo zithunzi. Apa mutha kuyambiranso kuwerenga.

Pakhomo pamene ndimagwirapa nkhani ya nyukiliya ndi ndiwo ya tsiku lililonse. Abwana amaikonda ngati mwana wachisamba. Amati ilibe utsi, siidikira dzuwa, siidikira mphepo, siidikira mvula. Mawu omalizawo anandilasa, chifukwa ndinakumbukira mmene namondwe Ana anaonongera Kapichira mu 2022, dziko lonse n'kubwerera ku makandulo. Mu 2024, boma litalola kuti nkhokwe yoyamba igwirenso ntchito zaka 20, mpaka 2044, abwana anawotcha nyama ngati kwabadwa mdzukulu.

Adona ndiye safuna n'kumva komwe. Iwo funso lawo ndi limodzi: phulusa lake mukalitaya kuti? Zinyalala zosaopsa kwambiri, monga zovala ndi zipangizo, amazitsekera m'migolo n'kukazikwirira ku Vaalputs, kuchipululu cha Northern Cape. Koma mibulu yeniyeni yogwira kale ntchito ikadali pa Koeberg pomwepo, ina m'madamu a madzi, ina m'zimigolo zachitsulo, ndipo ukali wake sutha mpaka zaka masauzande. Adona amati kumeneko ndi kumanga nyumba ya malata usanakumbe chimbudzi. Akatero amatchula Chernobyl ya 1986 ndi Fukushima ya 2011 ngati mayina a adani a banja lawo. Tsiku lina onse awiri anatembenukira kwa ine kuti ndigamule mlandu. Ine, podziwa kuti malipiro amasainira ndi abwana koma chakudya chamasana chimachokera kwa adona, ndinati maluwa akufota, ndikathirire.

Koma inu ndinu m'bale wanga, ndikuuzani zoona. Yureniyamu sindimuopa kwenikweni. Ndimaopa munthu wogwira sipanala ndi munthu wogwira cholembera.

Za sipanala zili motere. Kumapeto kwa 2005 munapezeka bawuti imodzi m'kati mwa jenereta ya nkhokwe yoyamba. Bawuti, achimwene, yonga imene mumamangira ngolo. Inaononga makinawo moti chaka chotsatira Cape Town inakhala ikuzimirwa magetsi, ndipo chitsulo china anachita kukachitenga ku France pa sitima yapamadzi. Nduna ina inayamba yanena kuti ndi chiwembu cha adani, kenako nkhaniyo inazilala. Poizoni sanatuluke, palibe anavulala, koma kuyambira pamene ndinamva zimenezi ndimawerenga zida zanga kawiri ndisanatseke galaja.

Za cholembera ndiye zazikulu. M'nthawi ya Pulezidenti Jacob Zuma boma linapangana ndi dziko la Russia mwakachetechete za malo atsopano a nyukiliya okwana mamegawati 9,600, pa mtengo umene ambiri ankati ukafika thiliyoni imodzi ya marandi. Amayi awiri, Makoma Lekalakala ndi Liz McDaid, anatengera nkhaniyo kukhoti kudzera m'mabungwe awo, ndipo mu 2017 khoti lalikulu la kuno ku Western Cape linagamula kuti zinachitika mosatsata malamulo, anthu sanafunsidwe. Chaka chotsatira amayiwo analandira mphoto ya Goldman. Ngakhale abwana anga, okonda nyukiliya aja, amati amayiwo anachita bwino. Ndiye ukamamva anthu m'basi akukana nyukiliya, usafulumire kunena kuti ndi umbuli. Ambiri sakukana ketulo, akukana wophika. M'chaka cha 2023, magetsi akuzima maola ambirimbiri patsiku, anthu omwewo ankati bweretsani chilichonse, kaya ndi nyukiliya kaya ndi mfiti, bola firiji ilire. Magetsi atabwerera, maganizo aja anabwereranso.

Ndisanaiwale, amayi asamaone ngati zinthu zimenezi n'zachilendo kwambiri. Mwala umenewu ifenso tili nawo. Ku Kayelekera, m'boma la Karonga, anayamba kukumba yureniyamu mu 2009, n'kuimitsa mu 2014 mitengo itagwa, ndipo tsopano mgodiwo anautsegulanso. Wonse umapita kunja kukayatsa mababu a eni ndalama, ife eni nthaka tikuwerengera ana homuweki pa tochi ya foni. Nkhani imeneyo ikanakhala ya mbuzi, bwenzi titapita nayo kale kwa amfumu.

Kuno ku Dunoon chimene chimatipsereza si Koeberg ayi. Ndi kandulo yoiwalika ndi chitofu cha parafini, pakuti nyumba zathu ndi zamalata ndi matabwa, zogundana ngati mano. Moto ukabuka pa imodzi, mzere wonse wapita. Ine pasipoti ndimagona nayo m'thumba la pulasitiki kumutu kwa bedi. Ndipo amayi amene akundidera nkhawawo ndi omwe amakhala m'khitchini yopanda zenera m'mawa ndi madzulo, maso ali psuu, akutsokomola mpaka kugwira pachifuwa.

Ndatumiza kandalama kudzera kwa mnzanga wa bodza uja, popeza ngakhale pakamwa pake pali potayirira, manja ake ndi okhulupirika. Mugule nyale ya sola ndi mbaula ija yosawononga nkhuni, yotsalayo mupeze mmisiri aboole zenera pakhitchini. Musabwereke ndi imodzi yomwe, ndidzafunsa alamu. Za mantha awo oti mphepo ya Koeberg indilepheretsa kubereka, muwauze kuti chimene chikuchedwetsa adzukulu si nyukiliya, ndi lendi.

Ine mng'ono wanu,
wa jombo imodzi